Loya ndi Munthu Woulula Zakuba: Phunziro pa Ntchito ya Mai Martha Chizuma

Mau oyamba

Mseu wa M2 wochokera ku Blantyre, wodzera ku Thyolo ndi ku Mulanje, umathera pa Muloza. Kutsidya kwa malire kuli tauni ya Milange, m'dziko la Mozambique. Anthu a mbali ziŵirizi ndi amodzi: amakwatirana, amagulitsana chimanga ndi nandolo, ndipo njinga zimaoloka tsiku ndi tsiku. Pamalo otere katundu sachedwa kutaya mwini wake. Mankhwala a malungo otchedwa LA, amene boma limapereka ulere, ngopepuka: akatuluka m'nkhokwe ya chipatala mwakuba, amakwana m'chikwama, ndipo akaoloka malire palibenso woŵalondola.

Kuba kwa mankhwala aboma kudafika poti mu 2016 Unduna wa Zaumoyo udakhazikitsa nthambi yofufuza mlandu umenewu, ndipo bungwe la Global Fund ndiponso boma la America adatsekula lamya zaulere zoti anthu aziululirapo. Koma wodwala sadziŵa kanthu. Iye amangomva kuti mankhwala atha, akagule. Wodziŵa ndi wam'kati: namwino, kalaliki wosunga kaundula, dalaivala, mlonda wausiku. Tsono funso lathu nali: munthu ameneyu akatsekula pakamwa, ndani adzaime naye pa bwalo la milandu?

1. Kumene kuimira oulula ndi ntchito yodyera

Ku America kuli maloya amene amakalamba akugwira ntchito imodzi yokha, yoimira anthu oulula chinyengo. Gwero lake ndi lamulo la False Claims Act, limene lidakhazikitsidwa mu 1863, nthaŵi ya Abraham Lincoln, pamene amalonda ankagulitsa katundu woonongeka kwa asilikali aboma. Mu 1986 adalilimbitsa. Lamuloli limalola munthu wamba kusumira wakuba m'dzina la boma. Wolakwa amabweza katatu ndalama zimene adaba, ndipo woulula amalandirapo magawo apakati pa 15 ndi 30 pa 100 alionse. Loya salipiritsa poyamba, amadikira gawo lake mlandu ukatha. Ndalama zambiri zobwezedwa mwa njira imeneyi zimachokera ku milandu ya zipatala ndi ya makampani a mankhwala.

Pali oidandaula njirayi, amati imasandutsa choona kukhala malonda. Dandauloli tisalipepule. Komabe nzeru yake ndi iyi: namwino wosauka amapeza loya waluso, ndipo salimbana yekha ndi kampani yolemera.

2. Malamulo athu

Kwathu kuno woulula salandira gawo, choncho palibe loya amene angadyere ntchito yotere. Chitetezo chimene chidalembedwa nchochepa. Lamulo lolimbana ndi katangale la 1995, litakonzedwanso mu 2004, pa ndime 51A lidaletsa kutchula dzina la woulula m'bwalo la milandu, ndipo lidaika chilango cha K50,000 ndi zaka 2 m'ndende kwa womzunza. Lamulo la 2017 lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani zaboma, limene lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, nalonso lili ndi ndime yoteteza woulula. Koma kufikira 2024 Malaŵi adalibe lamulo lapadera lonena za nyumba yobisalamo, za malipiro a munthu wochotsedwa ntchito, kapena za loya womuimira.

Mantha a anthu sali opanda pake. Mu Julayi 2015 Bambo Issa Njauju, mmodzi mwa akuluakulu a bungwe la Anti-Corruption Bureau, adapezeka ataphedwa ku Lilongwe, galimoto lao litatenthedwa. Ku South Africa, kumene lamulo loteteza oulula lilipo chiyambire 2000, Mai Babita Deokaran, mkulu wa zachuma m'nthambi ya zaumoyo ya chigawo cha Gauteng, adaomberedwa pakhomo pao ku Johannesburg pa 23 Ogasiti 2021, atakaika malipiro ena a chipatala cha Tembisa. Tikuwona apa kuti lamulo lolembedwa palokha silitchinjiriza munthu. Pamafunika wina wolinyamula.

3. Loya wa anthu opanda loya

M'Malaŵi katundu ameneyu wagwera maloya a m'maofesi aboma, ndipo chitsanzo choonekera ndi Mai Martha Chizuma. Iwo adaphunzira malamulo ku Chancellor College ku Zomba, adakhalapo woŵeruza milandu, kenaka loya wa kampani ya fodya ya Limbe Leaf. Mu Disembala 2015 adasankhidwa kukhala Ombudsman, ndiye kuti mkulu wa ofesi yomva madandaulo a anthu olakwiridwa ndi boma. Ofesiyi siliza ndalama. Munthu amangolemba kalata, ofesi nkusenza mlandu wake.

Mlandu woyamba kutchuka udali wa mathirakitala. Boma lidakongola madola 50 miliyoni ku banki ya Export-Import ya ku India, ndipo mwa zimene lidagula mudali mathirakitala 177 ndi makina otongolera chimanga 144, zoti zithandize alimi ang'onoang'ono. Zambiri zidagulitsidwa motsika mtengo kwa anthu amaudindo ndi olemera, ngongole nkutsalira mtundu wonse. Mmodzi mwa odandaula adali mlimi wamba wa ku Rumphi. Mu 2016 Ombudsman adatulutsa lipoti lake. Boma lidakalitsutsa ku High Court ndipo lidapambana, koma Mai Chizuma adachita apilo, mwakuti mu Febuluwale 2019 Supreme Court of Appeal idagwirizana nawo. Chaka chomwecho mlembi wamkulu wa Unduna wa Zaulimi adapepesa poyera. Kalata ya mlimi idafika pa bwalo lalikulu kopambana chifukwa padapezeka loya woiperekeza zaka zitatu osatopa.

Pa zaumoyo adachitanso chimodzimodzi. Mu 2019 adafufuza za amai amene adachotsedwa chiberekero m'zipatala zazikulu zaboma chifukwa cha kusasamala pa uchembere. Mu 2020 adaonetsa kuti m'nthambi ina yoyendetsa nkhondo yolimbana ndi Covid-19, gawo lalikulu la ndalama lidathera m'maalawansi a ogwira ntchito.

Mu Juni 2021 adayamba ntchito ngati mkulu wa Anti-Corruption Bureau, komiti ya Nyumba ya Malamulo itayamba yaŵakana, kenaka nkuŵavomera anthu atadandaula. Apa mpamene adalaŵa okha zimene oulula amalaŵa. Mu Januwale 2022 mau ao, amene wina adaŵajambula mobisa pa lamya akukamba za kufufuza kwa bungwelo, adawanda ponseponse. Pulezidenti Lazarus Chakwera adaŵadzudzula koma sadaŵachotse. Mbandakucha wa pa 6 Disembala 2022 apolisi adazinga nyumba yao ku Lilongwe, nkupita nawo ku polisi ya Namitete, potsata dandaulo la mkulu woimira boma pa milandu, Bambo Steven Kayuni. Adatulutsidwa tsiku lomwelo. Komiti yofufuza, yotsogozedwa ndi Jaji Edward Twea, idapereka lipoti mu Januwale 2023, ndipo Bambo Kayuni adachotsedwa pa udindo. Kutha kwa mwezi womwewo Mai Chizuma adaimitsidwa ntchito. Bungwe la maloya, Malawi Law Society, lidathamangira ku High Court, khoti nkuletsa kuimitsako, ndipo mu Febuluwale 2023 milandu yao idathetsedwa. Nthaŵi yao pa udindowo idatha mu 2024.

Mbiri imeneyi ikutiphunzitsa ziŵiri. Poyamba, wolondola wakuba amasanduka woimbidwa mlandu: nkhani imachoka pa ndalama zobedwa nkupita pa khalidwe la wonenayo, ndipo kaphophonya kake kalikonse kamasanduka chibonga chomkanthira. Makolo adati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo akhoswe a masiku ano amaudziŵa bwino mkhate wao. Kachiŵiri, chidapulumutsa Mai Chizuma si kulimba mtima kokha, koma maloya anzao amene adaima nawo pa khoti, nyuzipepala, ndi maso a akazembe a maiko ena. Ngati loya wodziŵika dziko lonse adafuna zonsezi kuti aime, nanga kalaliki wa kumalire, amene dzina lake limathera pa msika wa Limbuli?

4. Zimene loya amachitira woulula

Ntchito yaikulu ya loya imachitika mlandu usanafike kukhoti. Amayamba ndi kumthandiza munthu kulekanitsa zimene adaona ndi maso ndi zimene adangomva, pakuti mphekesera imodzi imaononga umboni wonse, ndipo imatsekulira wakuba khomo losumira za kuipitsa mbiri. Kenaka amamlangiza kulemba masiku, manambala a makatoni, ndi kusiyana kwa kaundula wa nkhokwe ndi kaundula wa odwala, osaba zikalata za ofesi, kuwopa kuti angadzipalire mlandu wake. Amamsankhiranso khomo loyenera: za ziphuphu ku Anti-Corruption Bureau, za kulakwiridwa ndi ofesi yaboma kwa Ombudsman, za kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo ku Industrial Relations Court, ndipo wosoŵa ndalama ku Legal Aid Bureau. Potsiriza amamuuza poyera mtengo wake wa kuulula: kusamutsidwa, kusalidwa ndi anzake, mwina kusoŵa ntchito. Loya wabwino sakankhira munthu pa moto, ndipo samgonekanso ndi mau ozuna.

Vuto la malo ngati Muloza nlakuti makomo onseŵa ali kutali. Boma la Mulanje lili pa mtunda wa makilomita ngati 30, ndipo maloya ambiri ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Pamalo pochepa chinsinsi sichikhalitsa: ngati nkhokwe imatsekulidwa ndi anthu atatu, kubisa dzina m'khoti sikubisa munthu. Wakubayo mwina ndi mlamu wake, kapena amayimba naye kwaya imodzi.

Mau otsiriza

Munthu wolemedwa ndi zimene waona kaŵirikaŵiri sayambira kwa loya. Amayambira kwa amene amamkhulupirira, ndipo nthaŵi zambiri ameneyo ndi wansembe. Sitili maloya, ndipo tisayese kuŵeruza mlandu pa khonde la parishi. Koma tingathe kudziŵa makomo amene tatchulaŵa, kusunga pakamwa pathu, kumfunira munthuyo loya asananene kanthu poyera, ndi kuyendera banja lake anzake akayamba kulizemba. Tingathenso kulimbikira, kudzera m'makomiti a Chilungamo ndi Mtendere, kuti chitetezo cha oulula chikhale chokwanira ndi chofika kumidzi. Wakutsina khutu ndi mnansi. Namwino woulula katoni imodzi ya LA watsina khutu mtundu wonse, ndipo ana amene akadamwa mankhwalawo ndi a m'midzi yathu yomweyi.