Sola Yopita Nayo Kutchire

Anthu akandifunsa sola yogula popita kukagona m'matenti ku Nyika kapena ku Cape Maclear, ndimayamba ndawafunsa zimene akufuna kutchaja. Ngati ndi mafoni awiri ndi tochi, panelo yopinda ya mawati 20 kapena 30 ikukwanirani. Mukanyamulanso laputopu ndi kafiriji, yambirani pa mawati 100, mukhalenso ndi batire ya mavoti 12. Mawati olembedwa pakatoni aja amayezedwa panelo ili pa madigiri 25, choncho dzuwa la Okutobala likaiwotcha, mphamvu imatsika.

Pakati pa panelo ndi batire pamafunika kontirola, apo ayi batire imadzaza mopitirira muyeso n'kufa msanga. Ine ndimakonda ya MPPT ngakhale ili yodula kuposa ya PWM, chifukwa imakolola magetsi ochulukirapo. Lumikizani batire kukontirola kaye, panelo pambuyo.

Poyika panelo m'pamene ambiri amataya mphamvu. Mu Juni ndi Julaye dzuwa limadutsa chakumpoto kwathu kuno, ndiye iyang'anitseni kumpoto, muitsamiritse pamwala kuti mphepo izidutsa kunsi kwake. Mu Disembala mutha kuigoneka pafupifupi chagada. Tenti ikhale pamthunzi, inde, koma panelo ipite pamtetete ndi waya wotalikirapo. Mthunzi wa kanthambi kamodzi ukangogwera pakona, magetsi a panelo yonse amatsika kwambiri, ndipo zimandiwawa kuona munthu akunyoza sola yake chonsecho waiyika pansi pa mtengo wa mango. Fumbi lipukuteni m'mawa ndi kansalu konyowa.

Okwera phiri la Mulanje m'nyengo ya chiperoni, nyamukani kunyumba batire itadzaza kale.