Akatswiri Opanda Ubongo

Mtengo wa mabulosi umene ana amakwera kuseri kwa nyumba suoneka ngati wachangu. Komatu mtundu wake wotchedwa Morus alba uli m'gulu la zomera zachangu koposa. Timaluwa take tatimuna timaponya mungu pa liwiro loposa theka la liwiro la phokoso. Mutagawa sekondi imodzi m'magawo 40,000, ntchito yonseyo imatha m'gawo limodzi. Pakukula, mwini chikho ndi nsungwi, chifukwa mitundu ina imatalika masentimita 91 pa tsiku.

Katswiri wowerenga amamera m'madambo a North Carolina ndi South Carolina ku America. Dzina lake ndi Venus flytrap, ndipo tsamba lake ndi msampha wokhala ndi timaubweya mkati. Kachilombo kakakhudza kaubweya kamodzi, tsamba limangokhala phee. Kakakhudzanso pasanathe masekondi pafupifupi 20, limatseka kuphethira kwa diso kusanathe. Mu 2016, gulu la asayansi la Rainer Hedrich ku Würzburg linapeza kuti kachilomboko kakaphiriphitha n'kukhudza kasanu, timadzi togaya chakudya timatuluka mochuluka. Kutseka kumadya mphamvu, choncho dontho limodzi la mvula siliyenera kufwamphula msampha.

Pa ukulu, ku Utah, ku America komweko, kuli Pando, nkhalango ya mitengo pafupifupi 47,000 pa mahekitala 43. Yonseyo inaphuka kuchokera ku mizu imodzi, ndiye kuti ndi mtengo umodzi.

Koma pa kumva ndi kudekha, ine chikho ndingachipereke kwa mdani wathu wa m'munda, kaufiti, ngakhale mtima ukuwawa. Chitsamba chimodzi chimabala mbewu masauzande ambirimbiri, zazing'ono ngati fumbi. Zimatha kugona m'nthaka zaka zoposa 10. Mvula igwe, dzuwa liswe mtengo, izo duu. Zimadikira uthenga umodzi wokha: timankhwala totchedwa strigolactone, timene mizu ya chimanga, mapira kapena mpunga imatulutsa. Chimanga sichitulutsira kaufiti timankhwalati. Chimakhala chikuitana tinkhungu ta m'nthaka timene timachithandiza kupeza chakudya, ndipo chimaitana kwambiri nthaka ikaguga. Kaufiti amangomvetsera nkhani ya eni. Akamva, amamera, n'kuboola muzu, n'kuyamwa mobisa kwa milungu ingapo. Pamene timaluwa tofiira tikuoneka m'mizere, chimanga chimakhala chitapinimbira kale. Amene anam'patsa dzina la ufiti anamuona bwino.

Kodi zimenezi ndi nzeru? Mu 1880, Charles Darwin anayerekeza nsonga ya muzu ndi ubongo wa tinyama tating'ono, ndipo asayansi akutsutsanabe pa nkhaniyi. Ine ndimati zomera zimamva ndithu, mwinanso kutiposa, koma sindinganene kuti zimaganiza. Umboni wanga uli kwa kaufiti yemweyo. Mankhwala oyamba a mtundu wa strigolactone anapezeka mu 1966 m'mizu ya thonje, mbewu imene kaufiti wa m'chimanga sangaiyamwe. Mukabzala thonje kapena soya pamene panali chimanga, mbewu zina za kaufiti zimamva uthenga uja, zimamera, zimasowa poyamwa, ndipo kachakudya kamene zinanyamula kakatha, zimafa m'masiku ochepa. Zotsalazo, chaka chamawa, zidzanyengedwanso chimodzimodzi.