Wophunzira Zamalonda Asaphunzire Payekha

Makolo ambiri, potumiza mwana wawo ku yunivesite kuti akaphunzire zamalonda, amayembekeza kuti tsiku lina adzabwerako atadziwa kusunga mabuku a ndalama, kuwerengera phindu ndi msonkho, ndi kuyang'anira antchito popanda kumwaza chuma cha eni ake. Ndipo palibe munthu wanzeru amene angapeputse zimenezi, pakuti masitolo ambiri agwa, ndi makampani amene dzina lawo linamveka kutali atsekedwa, chifukwa chosowa munthu wodziwa kulemba zolowa ndi zotuluka. Koma ilipo mphatso ina imene mabuku a ndalama sapatsa munthu, ndiyo kuona ndi maso a mumtima chinthu chimene sichinakhalepo, ndi kuzindikira chosowa chimene anthu akhala nacho nthawi yaitali kufikira analeka kuchitchula. Wowerengera amawerenga zimene zilipo kale. Nanga zimene kulibe adzaziyamba ndani?

Funso limeneli lasautsa sukulu za zamalonda kwa zaka zambiri. Ku America sukulu ya Wharton inatsegulidwa mu 1881, ya Harvard mu 1908, ndipo pofika 1959 malipoti awiri, lina lolipiridwa ndi Ford Foundation, linalo ndi Carnegie Corporation, anadzudzula sukulu zotere kuti maphunziro ake anali osaya. Pofuna kuchotsa chitonzo chimenecho, sukuluzo zinakangamira masamu ndi sayansi ya zachuma, ndipo zinachita bwino kutero. Komatu mankhwala anapitirira muyeso, kotero kuti mu 2004 Henry Mintzberg, mphunzitsi wa pa yunivesite ya McGill ku Canada, analemba buku lathunthu kudandaula kuti achinyamata akutuluka m'sukuluzi ali akatswiri osanthula manambala, koma osadziwa kutsogolera anthu.

Mwa njira zimene zayesedwa pochiza nthenda imeneyi, imene ine ndiiona yopambana ndiyo kukhazika wophunzira zamalonda pa tebulo limodzi ndi ophunzira a maluso ena, ndi kuwapatsa onsewo vuto lenileni la anthu amoyo. Pa yunivesite ya Stanford ku California, David Kelley ndi anzake anayambitsa malo otere, otchedwa d.school, amene Hasso Plattner, mmodzi wa oyambitsa kampani ya SAP, anawathandiza ndi madola 35 miliyoni mu 2005. Kumeneko kunali phunziro lina limene ophunzira a m'nthambi zosiyanasiyana ankapatsidwa ntchito yopanga zinthu zoti anthu osauka angathe kugula.

Tamvani zimene zinachitika mu 2007. Gulu lina, m'mene munali Jane Chen wophunzira zamalonda, Rahul Panicker wa zamagetsi ndi Linus Liang wa zamakompyuta, linauzidwa kuti lipange makina otsika mtengo ofunditsira ana obadwa masiku asanakwane, popeza makina a m'zipatala zazikulu, aja okhala ngati bokosi lagalasi, ankafika madola 20,000. Akadakhala mainjiniya okhaokha, kapena akadayamba pomwepo kuchotsa zitsulo zodula ndi kuikamo zotchipa; akadakhala a zamalonda okhaokha, kapena akadathera masiku awo pa kuwerengera mtengo wa zitsulozo. Koma mmodzi wa iwo, Liang, anapita ku Nepal kukaona ndi maso ake, ndipo m'chipatala cha mu mzinda wa Kathmandu anapeza makina ena ali opanda ana, chifukwa makanda ofuna thandizolo ankabadwira kumidzi yakutali, kopanda magetsi, namwalira asanafike ku chipatala. Pamenepo funso linasandulika: sanafunsenso za makina a chipatala, koma za mayi wa kumudzi amene khanda lake likuzizira m'manja mwake usiku.

Chimene anapanga, nachitcha Embrace, chinali kathumba kansalu kokulungiramo mwana, kokhala ndi kachikwama kumsana m'mene amalowetsamo paketi ya zinthu zonga phula, zimene zikatenthetsedwa zimasunga kutentha kofanana ndi kwa thupi la munthu, madigiri 37, kwa maola angapo. Atasamukira ku India kukakayesa, anaphunziranso china chimene sichilembedwa m'buku lililonse la zamalonda. Amayi ena anawauza kuti mankhwala a chizungu amawaona amphamvu kwambiri, kotero kuti dokotala akalamula muyeso iwo amapatsa mwana wocheperapo. Ndipo achinyamata aja, atazindikira kuti amayiwo adzachita chimodzimodzi ndi nambala ya kutentha, anaichotsa nambalayo, naikapo chizindikiro chongosonyeza kuti kutentha kwakwana. Kuona maso a nkhono nkudekha. Nzeru imeneyo inachokera pa kukhala pansi ndi kumvetsera, ntchito imene ophunzira za chikhalidwe cha anthu amaidziwa kuposa ena onse.

Musaganize tsono kuti masamu a wamalonda anakhala opanda ntchito. Kathumba kaja katafika pa msika mu 2011, mtengo wake unali utakwera kuposa umene ankalota ali m'kalasi, ndipo kupeza ndalama zoyendetsera ntchitoyo kunawavuta kwa zaka. Apa ndi pamene wophunzira zamalonda amaonetsa chimene anadzera: ndani adzagula, adzalipira motani, katundu adzafika bwanji ku chipatala cha kumudzi m'nyengo ya dzinja, ndipo akawonongeka adzakonza ndani. Kusiyana kwake nkwakuti iye amene anaonapo khandalo ndi maso ake amawerengera ndi mtima wina, ndipo sataya msanga chinthu chabwino chifukwa chakuti nambala yoyamba yakana.

Dziko la Finland linachita zoposa pamenepa, pakuti mu 2010 linaphatikiza sukulu zitatu zazikulu za ku Helsinki, ya zachuma, ya uinjiniya ndi ya zojambulajambula, nazisandutsa yunivesite imodzi ya Aalto.

Kuno kwathu sitiyenera kuyamba ndi kumanga. Sukulu imene kale tinkaitcha Polytechnic mu mzinda wa Blantyre, imene kuyambira 2021 ili yunivesite payokha m'dzina la MUBAS, ili ndi ophunzira zamalonda, a uinjiniya, a zomangamanga ndi a utolankhani m'bwalo limodzi, ndipo chipatala cha Queen Elizabeth chili pafupi pomwepo. Pa chipatala chimenecho madokotala athu, mogwirizana ndi ophunzira a pa yunivesite ya Rice ku Houston, anayesa makina a Pumani othandiza makanda kupuma, amene poyamba anapangidwa ndi timapampu ta m'mathanki owetera nsomba zokongoletsa nyumba. Tsono ngati umboni uli pakhomo pathu penipeni, chitiletsa nchiyani kuti wophunzira zamalonda aliyense, asanalandire digiri yake, agwire ntchito imodzi pamodzi ndi wophunzira zaulimi wa ku Bunda, kapena namwino, kapena wojambula, pa vuto la tomato wowolera pa msika kapena la amayi otha tsiku lonse pa mjigo?

Otsutsa alipo, ndipo mawu awo sali opanda pake. Amati nthawi ndi yochepa, mayeso a mabungwe a owerengera ndalama sadikira munthu, ndipo wogwira apa ndi apo sadzakhala mmisiri wa kanthu. Ndivomereza kuti aliyense ayenera kuzama pa luso lake, pakuti wobwera ku gulu chimanjamanja alibe chopatsa anzake. Koma kuzama sikutanthauza kudzitsekera, ndipo makolo athu, amene anadziwa kusula ndi kuumba asanaone sukulu, anatichenjeza kale kuti nzeru za yekha anaviika nsima m'madzi. Choopsa chachikulu, monga ndionera ine, chili pa kachongedwe ka mayeso. Malinga ngati malikisi onse apita kwa iye woloweza yankho la mphunzitsi, ndipo woyesa njira yatsopano nalephera alangidwa, wophunzira wochenjera adzakwirira talente yake pansi, ndipo sitingamuimbe mlandu.

Chifukwa chake ndipempha akuluakulu a mayunivesite athu kuti apatule phunziro limodzi lokha pa chaka, lokhala ndi malikisi ake, m'mene nthambi zidzasakanizidwa ndi ophunzira adzatumidwa kunja kwa mpanda kukamva zosowa za anthu. Ndipo inu makolo, mwana wanu wa zamalonda akakuuzani kuti wathera sabata ku wodi ya makanda kapena ku dimba la mlimi, musamudzudzule kuti akutaya fizi. Mufunseni chimene waona kumeneko.