Alendo a kafukufuku akafika pakhomo panu

Tsiku lina galimoto idzaima pamudzi panu. Mudzatuluka anthu onyamula mapepala ndi mafoni, nkumati: "Tacokera ku yunivesite, tikucita kafukufuku." Kodi muwayankhe? Musafulumire. Yambani mwadziwa njira imene iwo amayenera kudutsa asanafike kwa inu.

Zoterezi si zacilendo kuno ku Zambezia. Mu 2010, yunivesite ya Vanderbilt ya ku America inathandiza pa kafukufuku wa pulojekiti ya Ogumaniha. Ofufuza anayenda m'makomo ndi kufunsa amayi oposa 3,000 za umoyo wa mabanja awo.

Nchito yotere sangoyamba mwadzidzidzi ayi. Coyamba, ofufuza amalemba pulani: adzafunsa ciyani, adzafunsa ndani, ndalama zidzacokera kuti, ndipo mayankho adzasungidwa bwanji. Caciwiri, komiti ya ku yunivesite kwawo imaunika pulaniyo. Cacitatu, kafukufuku wa zaumoyo amayenera kuvomerezedwanso muno mu Mozambique, cifukwa cilolezo ca kwawoko pacokha sicikwanira. Komiti yaikulu yoona zimenezi ili ku Maputo, pansi pa Unduna wa Zaumoyo. Dzina lake ndi Comité Nacional de Bioética para a Saúde. Ngakhale cilolezo ca ku Malawi, tsidya la Muloza pompa, sicigwira nchito kuno.

Akatero amatenga kalata yowadziwitsa, ija timati credencial. Amakaionetsa ku boma la Milange, kenako kwa amfumu a dera lanu.

Koma cilolezo comaliza ndi canu. Ngakhale amfumu avomere, sangavomere m'malo mwanu. Tsono afunseni alendowo:

Kalata yanu ili kuti?
Kafukufukuyu ndi wa ciyani?
Dzina langa lidzaonekera kwa ndani?
Mukatenga magazi anga, mupita nawo kuti?
Ndikakhala ndi dandaulo, ndiimbire nambala iti?

Adzakupatsani pepala loti musaine kapena mudinde cala. Ngati lili m'Cipwitikizi cokha, apempheni akumasulireni m'Cinyanja. Itanani munthu amene mumamukhulupirira akhale mboni. Pepala lina likhale lanu, mulisunge.

Muli ndi ufulu wokana. Mukakana, ku cipatala sayenera kukumanani mankhwala. Mungathenso kusiyira panjira ngakhale munavomera kale.

Kafukufuku wabwino amathandiza kuti mavuto athu adziwike, conco alendowo alandireni bwino. Koma paja munavutika kuphunzira kuwerenga, eti? Werengani kaye pepalalo pang'onopang'ono. Mukamvetsa ndi kukhutira, ndiye musaine.