Kulibe msewu wopita ku Churchill

Sabata yatha ndinkaphunzitsa ana a Fomu 2 kayezedwe ka mtunda pamapu. Ndinawapatsa mapu a dziko la Canada n'kuwauza kuti ayeze ndi rula kuchokera mumzinda wa Thompson kukafika m'tauni ya Churchill, m'chigawo cha Manitoba. Ambiri anapeza molondola, makilomita pafupifupi 400. Kenaka mtsikana wina anakweza mkono nafunsa, "Aphunzitsi, nanga basi imayenda maola angati?" Ndinamuyankha kuti basi kulibe, chifukwa msewu wofika ku Churchill kulibenso.

Thompson ndi mzinda waung'ono wa anthu pafupifupi 13,000, ndipo unakula kaamba ka migodi ya nickel. Churchill ili kumpoto, m'mphepete mwa nyanja ya Hudson Bay, ndipo anthu ake sakwana 1,000. Alendo amakhamukirako mu Okutobala ndi Novembala kukaona zimbalangondo zoyera zimene zimadikira kuti nyanja iundane. Pakati pa malo awiriwa pali madambo, tinyanja tambirimbiri ndi nthaka imene pansi pake m'poundana chaka chonse. Pamwamba pakasungunuka, nthakayo imatitimira, choncho kulambula msewu n'kovuta ndiponso n'kofuna ndalama zankhaninkhani.

Makilomita 400 amene ana anapeza aja ndi mtunda wa ndege, yomwe imadutsa mowongoka n'kufika patangotha ola limodzi ndi mphindi zochepa. Amene alibe ndalama ya ndege amakwera sitima yapamtunda. Njanji yake imakhotera kummawa kudzera ku Gillam isanalunjike kumpoto, ndipo sitima imayenda pang'onopang'ono poopa nthaka yofewayo. Ulendo wake umatenga maola pafupifupi 16.

Kuopsa kodalira njira imodzi yotsika mtengo kunaoneka mu Meyi 2017, pamene madzi osefukira anakokolola njanjiyo m'malo angapo. Kampani ya ku America yomwe inali mwini njanji sinaikonze, ndipo kwa chaka ndi miyezi isanu sitima sinafike ku Churchill. Chakudya ndi katundu wambiri zinkabwera pandege, mitengo m'masitolo inakwera kwambiri, ndipo mabanja ena anasamuka. Mu 2018 njanjiyo inagulidwa ndi Arctic Gateway Group, gulu lomwe muli matauni a kumpotoko ndi mafuko a eni nthaka. Anaikonza, ndipo sitima inafikanso chakumapeto kwa chaka chomwecho.

Ndiye mukamva kuti malo akutiakuti ali pa makilomita mwakuti, muzifunsanso kuti mtundawo ndi wa ndege, wa njanji kapena wa msewu, komanso kuti ndani angakwanitse kulipira. Kwa mlendo wokaona zimbalangondo, Churchill m'pafupi. Kwa mayi wa komweko wofuna mkaka wa mwana njanji itaduka, kunali kutali zedi.

Mtsikana uja ndinamuyamikira pamaso pa anzake, ndipo tsopano tikamaliza kuyeza ndi rula timafunsanso za njira yake.