Kodi Mankhwala Angapulumutse Mbatatesi ku Cilala?

Pa 29 February 2024 Mtsogoleri wa dziko lino, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali ngozi ya dziko lonse. Maboma 84 mwa maboma 116 anakhudzidwa, ndipo cimanga ca pa mahekitala pafupifupi miliyoni imodzi cinapserera ndi dzuwa. Ambiri timakumbukira cimanga cokha. Koma mlimi wa mbatatesi, imene ena amaicha kacewere, nayenso analira, pakuti zitsime za m'madimba zinaphwa nthawi isanakwane.

Mbatatesi ndi mbeu yosapirira ludzu. Kwao ndi ku mapiri ozizira a Andes, m'maiko a Peru ndi Bolivia. Mizu yake siizama. Yambiri imathera pamwamba, pa masentimita 30 okha, pamene dothi limauma msanga. Kucokera tsiku lobzala kufikira lokumba imafuna madzi a mamilimita 500 kufikira 700. Nthawi yoopsa kopambana ndi pamene yayamba kuika ana pansi. Ikasowa madzi nthawi imeneyo imabala timbatatesi tocepa, ndipo madzi akabwera mwadzidzidzi pambuyo pake, zambiri zimang'ambika kapena kutuluka manthunthumira amene ogula pamsika sawafuna.

Kunsi kwa tsamba kuli timabowo tosaoneka ndi maso. Pa timabowo timeneti mbeu imapumira mpweya wopangira cakudya, ndipo ndi pomwepo pamene madzi amathawira. Mizu ikamva kuuma, mbeu imapanga mankhwala ake ochedwa abscisic acid amene amatseka timabowoto. Tsono akatswiri akhala akufunsa kuti: kodi sikotheka kucenjeza mbeu ndi mankhwala kuti ikonzekere ludzu lisanafike?

Mankhwala amene ayesedwa ndi angapo. Ena ndi salicylic acid, mbale wake wa aspirin amene timamwa mutu ukamapweteka. Akawazidwa pang'ono kwambiri pa masamba amadzutsa citetezo ca mbeu. Ena ndi glycine betaine, amene amathandiza tsamba kusunga madzi m'kati mwake. Ku Japan, akatswiri a bungwe la RIKEN anaonetsa mu 1 caka ca 2017 kuti asidi wa mu viniga amathandiza mpunga, tirigu ndi cimanga kupirira cilala, ndipo mu 2022 anapeza zofanana ndi ethanol, ndiko kunena mphamvu ija yoledzeretsa ya mu mowa.

Apa ndipo pofunika kucenjera. Wina asamve nkhani iyi ndi kuthamangira kukathira kacasu kapena viniga m'dimba! Akatswiriwo anasungunula mankhwala ocepa m'madzi ambiri, poyesa ndi miyeso yeniyeni, ndipo nchito yambiri inacitikira m'miphika ya m'nyumba zoyeseramo mbeu. Viniga waukali amatentha masamba. M'maiko ena amaphera udzu.

Cina coyenera kudziwa ndi ici: timabowo tikatsekeka, madzi sathawa, koma mbeu nayo imaleka kupanga cakudya. Siifa, komanso siikula. Motero mankhwala otere angaoloketse munda pa masiku owerengeka a ng'amba, koma sangalowe m'malo mwa mvula kapena kheni yothirira. Munthu amene angabwere pamudzi ndi botolo, nanena kuti ukawaza mbatatesi yako sidzafunanso madzi, ameneyo afuna ndalama zanu cabe.

Alipo mankhwala amodzi amene mlimi angadalire lero lino, ndiwo potashi wa mu feteleza. Potashi ndiye amayendetsa kutseguka ndi kutsekeka kwa timabowo tija, ndipo mbeu yosowa potashi imafota msanga dzuwa likakula. Mbatatesi imadya potashi wambiri kuposa cakudya cina ciri conse ca m'nthaka. Feteleza wa D Compound, amene tinazolowera pa cimanga, ali ndi magawo 10 okha a potashi pa magawo 100, ndipo kawiri-kawiri sakwanira mbatatesi. Funsani mlangizi wa zamalimidwe wa kwanu za feteleza woyenera. Phulusa la nkhuni nalo liri ndi potashi, koma likacuruka m'nthaka limabweretsa mphere pa khungu la mbatatesi.

Feteleza yemweyo sagwira nchito m'dothi louma. Cifukwa cace thirani manyowa okwanira musanabzale, unjikirani dothi pa mizere kuti ana asaone dzuwa, ndipo phimbirani ndi udzu wouma kuti cinyezi cikhalitse. Ngati citsime cayamba kucepa, nkwabwino kubzala mizere yocepa imene mungathe kuithirira mosalumpha, makamaka kuyambira pamene mbeu yatsala pang'ono kucita maluwa kufikira masamba atayamba kufiira okha.