Mpira wa dzira ukudyetsa amayi kunja, nanga a m'Chigwa cha Shire?

Dzuwa likapendeka ku Nchalo, Ngabu kapena Bangula, kutentha kukayamba kuchepa, asungwana amatuluka ndi kampira kawo ka mapepala kukasewera fulaye. Awiri amaima uku ndi uku n'kumagenda, pomwe wapakati amazinda, kudumpha, kuwerama, mwinanso kuwakha kumene mpirawo uli m'malere.

Kwa wodutsa m'njira, izi ndi zachibwana zomwe zimatha mwana akangotha msinkhu. Koma luso lomweli, lozinda mdani, kuwakha mpira ndi kuliyatsa liwiro, ndi limene amayi ena akulandira nalo malipiro m'maiko akunja kudzera m'masewero a rugby.

Rugby ndi mpira wooneka ngati dzira. Timu iliyonse imakhala ndi osewera 15 ndipo amalimbana kwa mphindi 80. Mpirawo amaunyamula m'manja n'kumathamanga nawo, koma popatsirana ndi manja saloledwa kuuponya kutsogolo. Amene wanyamula mpira, adani amaloledwa kumugwira n'kumugwetsa pansi. Wosewera akakaugunditsa pansi kuseri kwa mzere wa adani, timu yake imapeza mapointi 5.

Chifukwa cha kugwetsanaku, kwa zaka zambiri anthu ankati awa ndi masewero a abambo okhaokha. Mpikisano woyamba wa amayi wa dziko lonse udachitika mu 1991 ku Wales, ndipo matimu 12 omwe adapita kumeneko adachita kudzisakira okha ndalama zoyendera. Timu ya ku Soviet Union idafika pogulitsa katundu yemwe idabwera naye kuti ipeze chakudya. America ndiyo idatenga chikhocho itagonjetsa England 19-6.

Patatha zaka 34, zinthu zidali zitasinthiratu. Pa 27 September 2025, anthu 81,885 adadzadza bwalo la Twickenham ku London kudzaonera England ikuswa Canada 33-13 m'ndime yomaliza ya mpikisano womwewo. Asungwana a England adali pantchito yolembedwa, poti bungwe loyendetsa rugby m'dzikomo lidayamba kupereka makontirakiti a malipiro kwa osewera 28 mu January 2019.

Koma nkhani yomwe ingawafike pamtima anthu a kuchigwa ndi ya Babalwa Latsha wa ku South Africa, dziko lomwe Amalawi ambiri amalidziwa chifukwa cha maganyu.

Latsha adakulira ku Khayelitsha, dera la anthu osauka kunja kwa mzinda wa Cape Town. Rugby adaidziwa atakula kale, ali pasukulu ya ukachenjede ya University of the Western Cape komwe ankaphunzira zamalamulo. Thupi lake lamphamvu, lomwe ena ankamunyoza nalo kuti ndi lachimuna, ndilo lidamupezetsa malo kutsogolo kwa timu, komwe osewera amakankhana mapewa ndi mapewa polimbirana mpira.

Mu 2019 adali kaputeni wa timu ya dziko lake, ndipo mu January 2020 timu ya Eibar ya ku Spain idamulemba ntchito. Apa adakhala mayi woyamba wa mu Africa kusewera rugby ya anthu 15 ngati ntchito yolandira nayo malipiro. Mu 2023 adalowera ku Harlequins ya ku London.

Chaka chomwecho, timu ya Bulls Daisies ya ku Pretoria idayamba kulipira osewera ake ngati antchito, yoyamba kutero pakati pa matimu a amayi m'dzikomo. Zipatso zake zidaoneka mu 2025. South Africa, yomwe idali timu yokhayo ya mu Africa mwa matimu 16, idathambitsa Brazil 66-6, kenaka n'kugonjetsa Italy 29-24 mumzinda wa York, n'kufika m'makotafainolo koyamba m'mbiri yake. Kumeneko idapita kopumulira ikufanana mphamvu 10-10 ndi New Zealand, akatswiri omwe adatengapo chikhochi kasanu n'kamodzi, isadagonje 46-17.

Kuno kumudzi rugby siinazike mizu ngati mpira wa miyendo ndi wa manja. Bungwe la Bhubesi Pride Foundation lakhala likuphunzitsa anyamata ndi asungwana masewerowa m'midzi ya ku Lilongwe, koma kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Marka ndi ulendo wa tsiku lathunthu.

Ngakhale zili choncho, njira yochoka kumudzi kukafika kumabwalo akuluakulu si yachilendo kwa asungwana a dziko lino. Mwai Kumwenda adayamba ntchemberembaye kwa Mtwalo ku Mzimba, ndi mpira womanga ndi mapepala a pulasitiki wosasiyana ndi wa fulaye uja. Adasewera ku Escom Sisters, ndipo maso a akunja adamugwera mu 2009 pampikisano wa achinyamata wa dziko lonse ku Cook Islands. Mu 2011 adali ku Peninsula Waves ku Australia, mu 2014 ku Tactix ya ku New Zealand, ndipo mu 2015 adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pampikisano wa dziko lonse ku Sydney. Mu 2020 adatenga ligi ya Australia ndi Melbourne Vixens.

Naye Tabitha Chawinga adayamba kumenya chikopa ndi anyamata ku Rumphi asadapite ku DD Sunshine ku Lilongwe. Mu 2014 adauluka wa ku Sweden, kenaka China, Italy komwe adamwetsa zigoli 23 ali ku Inter Milan, ndi France komwe adalowa Lyon mu 2024. Mng'ono wake Temwa adamwetsa zigoli 20 mu ligi ya America mu 2024 ali ku Kansas City Current, n'kusankhidwa kukhala wosewera wapamwamba wa chakacho.

Mukaziika pamodzi nkhani za amayi anayiwa, muona kuti makwerero ake ndi amodzi. Poyamba pamafunika pabwalo poti mwana asewerepo. Kenaka timu yokhazikika yokhala ndi mphunzitsi. Chachitatu ndi mpikisano womwe ungamutulutse m'boma lake kuti ena amuone. Palibe mwa iwo amene adachoka pamudzi n'kutera kunja osaponda makwererowa.

Apa ndi pomwe pagona vuto la msungwana wa ku Chikwawa ndi Nsanje, chifukwa kwa iye ngakhale khwerero loyambalo limagwedera.

Bwalo la masewero la mwana wa kumudzi ndi la pasukulu. Koma Shire, Ruo ndi Mwanza akasefukira, sukulu zomwezo ndizo zimasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Zidatero mu January 2015 pomwe dera la Makhanga lidasanduka chilumba, zidateronso ndi namondwe wa Ana mu January 2022 komanso wa Freddy mu March 2023. Pabwalo pamadzadza matenti, makalasi amasanduka zipinda zogona, ndipo madzi akaphwa mabwalo ena amatsala ndi mchenga ndi matope okhaokha.

Nyengo nayo siyichitira chifundo. M'miyezi ya October ndi November kutentha kumapyola madigiri 40, moti nthawi yabwino yothamanga ndi mmamawa kapena madzulo. Iyi ndi nthawi yomweyo yomwe msungwana amayembekezeka kukhala kumjigo, kunkhuni kapena pamoto, pamene mlongo wake ali kubwalo.

Palinso nkhani ya maukwati a ana. Mu February 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko lino kuti aliyense wosakwana zaka 18 aziwerengedwa kuti ndi mwana, ndipo makolo asakhalenso ndi mphamvu yomuvomereza kulowa m'banja. Koma lamulo palokha silidyetsa banja lomwe mapira ndi thonje lake zapita ndi madzi. Msungwana akasiya sukulu, wasiyanso bwalo, ndipo luso lake lathera pomwepo.

Vuto lina, lomwe ambiri sakonda kulitchula pagulu, ndi la nsambo. Msungwana wopanda zodzitetezera sangadumphe pamaso pa anzake. Latsha amalidziwa vutoli, n'chifukwa chake ndi mmodzi mwa atsogoleri a bungwe la Menstruation Foundation lomwe limagawa mapadi aulere m'sukulu za kwawo.

Komabe sikuti chigwa chilibe poyambira. Ku Nchalo, pakati pa minda ya nzimbe ya Illovo, kuli bwalo la Kalulu lomwe lachititsapo masewero a ligi yaikulu ya mpira wa miyendo wa abambo. Ndipo rugby ya ana siifuna zambiri. Pali mtundu wina womwe sagwetsana: wosewera amamangirira timalamba tiwiri m'chiuno, mdani akangosolola kamodzi ndiye kuti wamugwira. Mpira umodzi, nsanza zingapo ndi mphunzitsi wodziwa malamulo n'zokwanira.

Palinso rugby ya osewera 7 mbali iliyonse, ya mphindi 14 zokha, yomwe idalowa m'masewero a Olympics mu 2016. Asungwana a ku Kenya adakasewera nawo chaka chimenecho ku Rio de Janeiro, umboni woti mpirawu si wa maiko olemera okha.

Makolo ali ndi chifukwa chomveka choopera. Rugby ya akuluakulu imavulaza mawondo, mapewa ngakhalenso mutu, ndipo kudera komwe chipatala chili kutali nkhawa yotere si yopeputsa. Ndalama nazo sizili mbwee kwa aliyense. Canada, yomwe idafika m'ndime yomaliza mu 2025, idachita kupempha anthu akufuna kwabwino kuti asonkhe ndalama zokonzekera mpikisanowo. Mwina n'chifukwa chake Latsha sadataye sukulu, adamaliza digiri yake ya zamalamulo mpira uli m'manja.

Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Kumwenda sakadafika ku Melbourne pakadapanda timu ya pasukulu ndi ya m'tauni zomwe zidamulandira ali wamng'ono, monganso Latsha sakadaona London pakadapanda wina womupatsa mpira wa dzira kuti ayese.

Madzulo ano, kwinakwake pakati pa Thabwa ndi Marka, msungwana wina azinda mpira wa fulaye kakhumi osagendedwa. Anzake amuombera m'manja, kenaka mayi ake amuitana kuti akatunge madzi kusadade.